Mfundo za pa Mawaya

Chaka chimene mgodi unagulitsidwa, amuna anga anawadula ntchito pamodzi ndi mzere wonse wa nyumba zathu ku Bulangililo. Anzathu ananyamuka mmodzimmodzi, awa ku Chipata, awa ku Petauke, malole akutuluka ndi mabedi miyendo m'mwamba. Ine ndinatsala pakati pa zitseko zokhoma, moni ndili naye, womupatsa palibe.

Bambowo anali a zamagetsi a galimoto. Anapeza ganyu kwa mwini mathiraki ku Ndola, koma anati poyamba ayesedwe kaye. Mathirakiwo ankawaika kagalasi patsogolo pa dalaivala, kolemba zonse ndi kuzisunga: injini yatentha bwanji, oyilo akuyenda bwanji, dizilo watsala wotani. Ntchito ya bambo inali kulumikiza timasensa, tija timamva kutentha ndi oyilo, ku kabokosi kolamulira injini, kuchoka apo mpaka pa kagalasi. Waya aliyense ndi mtundu wake, aliyense ndi kabowo kake pa pulagi.

Koma maso, anzanga, maso anatsalira pansi pa mgodi. Wofiira ndi wakhofi kwa iwo anali mmodzi. Tsiku lina anasinthanitsa mawaya awiri, kagalasi n'kumanena kuti injini ikuwira, thiraki ili chiimire kuyambira dzulo. Folomani anati zikachitikanso, basi, chipata chili apo.

Loweruka bambo anabwera kunyumba ndi mtolo wa mawaya, nauika pamphasa, duu. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma mitundu ndimaiona, ndipo zala za bambo zinakulira powerenga mikanda ya korona popemphera. Ndinatenga ulusi wolukira madoilo. Iwo atchule ntchito ya waya, ine ndimupeze, ndimange. Wachikasu wa kutentha, mfundo imodzi. Wofiira wa oyilo, mfundo ziwiri. Wakhofi wa dizilo, zitatu. Kuti asaiwale ndinaziika pa chuni cha kukwaya, ndikuimba, iwo akuyankha ndi besi yawo yosweka ija.

"Amake ana, mukaphonya mfundo imodzi, nafenso tikwera lole ya ku Petauke."

"Pakorona ndinayamba ndakusocheretsani, bambo? Papasani apa."

Anapapasa atatsinzina. Anapeza onse.

Patapita milungu iwiri folomani anaona ulusiwo, nafunsa m'Chibemba ngati ndi mankhwala. Bambo anaulula za maso. Munthuyo anangoliza injini. Kagalasi kanayaka, kutentha pamalo pake, oyilo pamalo pake, dizilo pamalo pake. Anawalemba ntchito tsiku lomwelo. Nditamva ndinavina pakhonde mpaka chitenje kumasuka, nthungululu ndikudziimbira ndekha, poti mzere wonse munalibe wondithandiza.

Ntchito yokhazikika inabwera ndi kachipinda ku Itawa, ku Ndola komweko, kakang'ono, ka munthu mmodzi. Mathiraki anachuluka, Loweruka nalo linakhala la ntchito. Tsono mawaya ndiwo ankayenda. Lolemba kondakitala wa minibasi anditulira mtolo pamsewu waukulu, Lachitatu ndiubweza uli ndi mfundo zake. Bambo ankabwera kamodzi pamwezi, nthawi zina mwezi n'kudutsa.

Ndinkakhala pamphasa pomwe paja masana onse, ulusi pakamwa, mawaya pamiyendo. Ndiimbe mzere wanga, ndidikire pang'ono pamene pankalowa besi, kenaka ndipitirize. Zaka zinayi ndinamanga choncho, ndipo ku Ndola sikunabwere dandaulo ngakhale limodzi.