Nambala 14 Ndi Yanga, Musandisunthe

Ndinalembera bwana kalata yodandaula koyamba Lolemba loyamba la Juni, chaka chija tinkadya sadza, nsima ya kuno, ya chimanga chachikasu. Kope la kalatayo, la kaboni, lili m'bokosi langa lachitsulo. Yachiwiri ndi yachitatu zili momwemo. Yankho lokha ndiye mulibe.

Nkhani inali iyi. Pa purazi pathu pano, famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, a Phiri tinalipo makumi awiri ndi atatu. Foromani wakale polemba anthu ntchito sankafuna kutopetsa dzanja, ankangolemba chiwongo basi. M'buku la ku ofesi muli Phiri, Phiri, Phiri mpaka tsamba kutha. Ndiye kalata yochokera ku Dedza, yonena kuti mayi anga amwalira, inaperekedwa kwa Phiri wina, woyatsa moto ku mabalani a fodya. Mkuluyo sawerenga. Anaisomeka kudenga miyezi itatu, ndipo pomwe inkandipeza n'kuti theka lam'munsi atapichirira fodya. Theka lotsalalo ndinasunga. Mawu omaliza amene mayi anandisiyira anapita ndi utsi.

Mwezi watha Mai Rudo, kalaliki wathu, anandiitana ku ofesi kuti ndikaone kompyuta imene bwana anagula ku Harare. Mayina athu onse anali atawalowetsa kale, zilembo zobiriwira pagalasi lakuda. Anandipatsa mpando, nati ndiyang'ane bwino. Analemba kamzere kamodzi pansi pa galasi, kouza makinawo kuti paliponse pamene apeze mawu oti Phiri aikepo nambala, yotsatira izikula ndi imodzi. Kenako anadina batani ndi chala chimodzi.

Abale, sindinaphethire, koma sindinaone pamene zinachitikira.

Phiri 1, Phiri 2, Phiri 3, kutsika mpaka 23, zitandandalika ngati mbande pamzere. A Banda ndi a Mwale apakatipakati anawadumpha osawakhudza.

Ine ndakhala zaka makumi atatu ndikudinda manambala pa mabelo a fodya. Ndikudziwa mmene dzanja limanamira. Munthu akangokupatsa moni uli pa 58, belo lotsatira umalembanso 58, ndipo ku okushoni kumavuta. Choncho ndinatulutsa pensulo ndi mndandanda wangawanga, n'kuyamba kutsata dzina ndi dzina. Ndinabwereza kawiri. Palibe nambala yodumphidwa, palibe yobwerezedwa. Ndinafunsa ngati manambalawo anawabisa kale m'katimo. Mai Rudo anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati makinawo sanandionepo, sadziwa n'komwe kuti Phiri ndi munthu.

Chinthu chosadziwa kuti ndine munthu chinathetsa m'kamphindi mlandu umene anthu ondidziwa anaukhalira zaka zinayi. Inu mukanatani? Ine ndinavula chipewa.

Ndinatuluka ndili Phiri 14. Tsiku lomwelo ndinalembera mlongo wanga Esitere ku Dedza, amene akudwala chifuwa chosamva mankhwala, kuti ana ake azilemba 14 paenvulopu, ndipo ndinajambula mzere kawiri pansi pake.

Tsopano imvani za sabata ino. Lamlungu tinaika m'manda Phiri 6, mkulu wa ku Tete amene ankakonza mapaipi othirira. Lachinayi ndinapita ku ofesi kukafunsa za makalata, ndipo ndinapeza Mai Rudo akukonza mndandanda. Anafufuta mzere wa malemuwo, n'kudinanso batani lija. Ndinaonanso chodabwitsa chomwe chija. Mpata wa wakufayo unatsekeka ngati madzi ukachotsamo dzanja. Aliyense wapansi pake anakwera ndi imodzi.

Ine ndinasanduka 13.

Nanga 14 ndani? Ndinatsata ndi pensulo. Ndi mkulu uja wa ku mabalani, wopichira fodya.

"Pepani, Sekuru," anatero Mai Rudo, kunditchula agogo m'chilankhulo cha kuno, ulendo uno osaseka. "Iyo imangowerenga zimene ikuona. Maliro siiwadziwa."

Anati kubweza n'kosavuta, angasiye mzere wa malemu pomwepo n'kuikapo mtanda, koma bwana analamula kuti mndandanda uzikhala wa anthu ogwira ntchito okha, ndipo iye sangasinthe lamulo.

Makinawo sindikuwaimba mlandu. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo aka n'kakuthwadi. Moyo wanga wonse sindinaone kena kotere. Koma kalumo kamameta mmene waligwirira. Belo likadindidwa 58 limapita ku Harare lili 58, ngakhale 57 atagwa m'lole panjira. Nanga munthu achepe kuposa belo? Ife a m'makomboni tinataya kale mayina athu pageti, tsiku lolembedwa ntchito. Tapatsidwa nambala, talandira ndi manja awiri. Nayonso izisuntha munthu akamwalira? Kalata yochokera kwathu imayenda milungu itatu. Amene achoke kapena kumwalira m'milungu itatuyo adziwa ndani?

Dzulo ndinakakhala ku mabalani n'kumupempha mnzangayo kuti envulopu iliyonse yofika kwa iye abwere nayo kwanga isanatsegulidwe. Analonjeza, ndipo ndinamupatsa nyuzipepala yakale yathunthu kuti asasowe pepala. Koma ine sindingadikire nkhani ya Esitere pa lonjezo la munthu wosuta.

Choncho, kwa bwana woyang'anira purazi, mwaulemu, ndikupempha izi: nambala ya munthu ikhale yake mpaka imfa, nambala 6 igone ndi mwini wake, ndipo 14 ibwezedwe kwa ine kalata ya ku Dedza isanafike. Aka n'kachinayi kulemba. Ndikupempha kuti ulendo uno ndiyankhidwe, ndipo yankholo likhale lolembedwa, pakuti malo ake m'bokosi ndinawasiya kale.