Matumba a Nambala 3

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene amalume anandichotsa ku Chipangali kuti ndikagwire ntchito pa depoti yogula mtedza wa mbewu ku Chipata. Iwo anali kalaliki wamkulu, ndipo pulogalamu ya m'kompyuta ya pamenepo analemba okha.

Ntchito yanga inali kupisa dzanja m'thumba, kununkhiza, n'kutayipa nambala ya vuto lake m'kompyuta. Chinyezi chinali 1, chuku 2, miyala 4. Thumba likakhala ndi mavuto awiri, ndinkaphatikiza manambalawo, monga anandiphunzitsira. Kompyuta ndiyo inkagamula kopita: kukayanika, kukataya, kukapeta, kapena ku shedi ya mbewu zabwino.

Koma mtima sunkakhazikika ayi. Matumba ondisiyira fungo la chuku m'zala ndi omwe ndinkawaona akulowa m'shedi. Ndinkapita pakhomo la shediyo, n'kubwerera, n'kupitanso.

"Amalume, thumba lija la 3 lapita kwa zabwino."

"Khala pansi, iwe. Makina sanama."

Mvula itayandikira, shedi yonse inanunkha. Abwana atafunsa yemwe ankayesa matumba, maso onse anagwera pa ine.

Masana omwewo ndinawapeza amalume ataweramira pa kompyuta, malaya atanyowa ndi thukuta. Anandilozera mizere. Pulogalamuyo inali ndi makomo atatu basi: nambala ikakhala 1 ndendende, ikakhala 2, ikakhala 4. Ina iliyonse inkagwera pa mzere wotsiriza, wa zabwino. Thumba lonyowa komanso lachuku, loipitsitsa kumene, linalibe khomo lake.

"Imayenera kufunsa chimodzichimodzi," anatero motsitsa mawu. "Mu 3 muli 1? Muli. Muli 2? Muli."

"Ndiye mukawauza abwana?"

Zala zawo sizinaleke kutayipa, akukonza mizereyo. "Iwe ukadali mwana, upeza ntchito ina. Ine ndili ndi ana pasukulu."

M'mawa mwake anandikweza okha lole ya ku Chipangali, atandigulira mabanzi. Kumudzi kunamveka kuti ndinaoletsa mbewu chifukwa cha ulesi. Amayi sanandifunse kanthu. Pajatu amalumewo anali mlongo wawo.

Lero adzukulu amati ndine wovuta. Avutike. Mwana akati, "Zonse zili bwino, agogo," ine sindimusiya. Wadya? Mutu ukupweteka? Wina wakumenya? Chilichonse ndimafunsa pachokha, poti ndinaona ndi maso angawa kuti wa mavuto awiri ndiye amadutsa osaoneka, ndipo wodziwa chifukwa chake akhoza kukhala chete, ngakhale ali wa magazi ako.