Ng'ombe ya Nyanga za Nthochi

Ku koleji ndinachokako mwaulemu, nditanyamula ndekha sutikesi yanga, aphunzitsi onse atagwirizana kuti nzeru zanga zikufunika kwina. Kwinako kunali kwathu ku Karonga, kumene ndinayamba ntchito yolemba zikwangwani za magolosale. Pa Boma ponse, munthu wodziwa kuti zilembo ziyenera kulingana msinkhu ndinali ine ndekha. Udindowo ndinkausenza modzichepetsa, burashi nditaipanika kukhutu kuti anthu asavutike ndi kufunsa.

Pafupi ndi msika panali mayi wina wachinkhonde, wamasiye koma wamng'ono ndithu, amene anatsegula lesitilanti. Ankaphika mpunga wa nkhuku komanso mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Ndinkadya kumeneko masana aliwonse, osati chifukwa cha njala yokha ayi. Akandipatsa moni ankachedwa pang'ono kuchoka patebulo langa, ndipo ine, monga munthu wopondako ku koleji, ndinkamva tanthauzo lake.

Tsiku lina anati, "Achimwene, anthu ochokera kumalire ku Songwe akungodutsa pano. Ndikufuna chikwangwani. Osati mawu okha, ena sawerenga. Chithunzi choti munthu akachiwona, mimba imukumbutse."

Ndinali nditayamba kale kugwedeza mutu mwaukatswiri pamene anawonjezera kuti, "Aphunzitsi nawo ati ayesako. Nonse mubweretse papepala, ndisankhe."

Aphunzitsiwo ndinkawadziwa. Koleji tinayamba limodzi, iwo n'kukhala ndi khalidwe lomaliza zinthu. Kwawo kunali ku Dedza, boma linawatumiza kudzaphunzitsa kusekondale ya kwathu. Ankavala taye ngakhale kutatentha motani. Pa Chinkhonde chonse ankadziwa liwu limodzi, "ndagha", ndiye kuti zikomo, ndipo akalitchula mayiyo ankaseka mpaka kugwira tebulo. Ine liwu lomwelo ndakhala ndikulitchula chibadwire, palibe anagwirapo tebulo.

Ndinadzitsekera m'nyumba n'kujambula chizindikiro chosasiya kanthu kunja. M'mbali ndinazunguliza ngala za mpunga wa ku Kaporo. Pansi riboni ya mawu, pambali foloko ndi mpeni. Pakati penipeni nkhuku itagona m'mbale, miyendo m'mwamba. Kuti isawoneke yausiwa ndinaipatsa mchira wa nthenga zazitali. Inki yomwe ndinali nayo inali yakuda yokha.

Tsiku losankha tinakhala atatu patebulo la kukona. Ndinayala pepala langa. Mayiyo analiyang'ana, n'kuyang'ana kukhomo, kenako n'kuliphimba ndi thileyi.

"Achimwene, uyu ndi tambala," ananong'ona.

"Ndi nkhuku, mayi."

"Wakuda."

"Ndi inki imeneyo."

"Tambala wakuda, m'mbale, mpeni pambali pake, pamsewu waukulu. Ana angawa mwakonza zoti alere ndani?"

Masiku amenewo tambala wakuda anali chizindikiro cha chipani, ndipo chipani chinali chimodzi. Achinyamata ake ankaima pageti la msika, pafupi pomwepo, kufunsa makadi a chipani. Ine ndinali nditamugoneka tambalayo chagada n'kumuikira foloko. Mayiyo anapinda pepalalo n'kukaliponya pamoto. Tiyi wa tsiku limenelo anawira ndi maphunziro anga.

Aphunzitsi, amene nthawi yonseyi ankachita ngati akuwerenga m'kapu, anatulutsa kapepala m'thumba la malaya. Panali mutu wa ng'ombe. Nyanga zake zinali nthochi ziwiri. Basi. Mizere yake mwana akanatha kuibwereza ndi chala padothi.

Ndinafunafuna cholakwa monga wapolisi amafunira chowiringula panjinga yabwinobwino.

"Mpunga palibepo," ndinatero.

"Mpunga akaupeza mkati, anzanga," anayankha aphunzitsi, mofatsa mpaka kunyansa.

Chimene chinandiwawa si kuluza ayi. Ine ndinakulira pakati pa ng'ombe ndi nthochi. Kwathu khola lili m'nthochi, ndowe zimathiridwa m'nthochi, ukadzuka m'mawa ukaphonya kuwona chimodzi uwona chinzake. Zaka zonsezo zinthu ziwirizi zinkandiyang'ana, ine osaziphatikiza. Munthu wa kumbatata, wongofika dzulo, n'kudzazilumikiza podikira tiyi kuti azizire.

"Koma aphunzitsi sakwera makwerero," anatero mayiyo. "Mupente ndinu, achimwene. Dzanja lanu n'labwino."

Dzanja. Mutu sanautchule.

Ndinakwera makwererowo. Ndili pamwamba ndinalingalira mozama zoti mwina nyanga imodzi ingapotoke, poti ngozi zimachitika pantchito. Koma chinthucho chinalibe pochiwonongera. Nyanga ikapotoka imangosanduka nthochi yokhota, monga nthochi zonse. Ndinachipenta bwino kuposa chikwangwani chilichonse chimene ndinapentapo, mano nditakukuta.

Posakhalitsa dzina lenileni la lesitilanti linaiwalika. Madalaivala a malole ankangouzana kuti, "Tikumane pa Ng'ombe." Amalonda a ku Tanzania ankaloza chikwangwani asanatsitse n'komwe katundu. Akafunsa wojambula, yankho linali lakuti aphunzitsi. Mwini golosale wina anabwera kwa ine n'kuti, "Inenso ndikufuna chonga chija. Mukawafunse aphunzitsi maganizo, inu mudzangopaka."

Kenako madzulo ena mayiyo anandiitanira kuseri kwa khitchini, akuyankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. Mtima wanga unaimirira n'kukonza kolala. Anandipatsa nsalu yoyera yopinda bwino.

"Mundijambulire ng'ombe ija apa, yaikulu. Tikaipachika kuphwando la ukwati wathu. Aphunzitsi ati wina aliyense angaiwononge, koma inu ayi."

Kuukwatiko ndinapita, poti luso liyenera kuperekezedwa. Anandikhazika pansi penipeni pa nsaluyo, nyanga zili mbali ziwiri za mutu wanga. Mpunga wake sunapse kwenikweni. Anthu ena onse amati unapsa, koma ine ndinalipo.