Tauni ya a Jadhav Kuseri kwa Mpanda

Ndikukumbukira chaka chija kolona inatseketsa malire, ine ndili wa zaka khumi ndi zitatu ku Cannington, mumzinda wa Perth ku Australia. Neba wathu anali nesi wachimwenye. Bambo ake, a Jadhav, anabwera kudzangocheza mwezi umodzi, n'kutsekeredwa mpaka ndevu kufika m'mawondo.

Madalawa ankalankhula Chimarathi, ndipo nkhani yawo inali imodzi: katauni kawo ka ku India. Phiri kumpoto, linga la mafumu pamwamba, mtsinje wosefukira m'mabuku mokha. Mdzukulu wawo Mira, wobadwira konkuno, ankangoyasamula. Zimenezi zinkawawawa kuposa nyamakazi.

Kwawoko, akuti chikondwerero cha nyali chikayandikira, ana amaumba linga la dothi pabwalo. Ndiye a Jadhav anaganiza zomuumbira Mira tauni yonse, mwina angaikonde. Koma mchenga wa Perth ndi wamwano, sugwirana. Phiri linkagwa munthu ukangotsokomola. Adadi, amene ankauluka kukagwira ntchito kumigodi, anabweretsa katondo m'masokosi. Amami sanawalankhule mpaka Lamulungu.

Tinaumba, ine ndi a Jadhav. Dothi linkanunkha ngati mvula yoyamba. Pamapiri tinafesa mpiru, nkhalango n'kumera. Anthu anali zitsekerero za mabotolo, chilichonse ndi dzina lake: wometa, wogulitsa anyezi, aphunzitsi okonda ngongole. Chofiira chinali akazi a madalawa, agogo a Mira, otsalira kumudziko.

Tauniyi akuti inapirira mafumu, Angerezi ndi chilala. Koma panalibe amene anawauza a Jadhav kuti kuno mipope yothirira kapinga imadzitsegula yokha. M'mawa wa chikondwerero tinapeza linga lili phala, wometa akuyandama chagada.

Madala anaima manja ali kumbuyo.

"Aka n'koyamba mtsinje umenewu kudzadza mwezi uno," anatero.

Mira sanaseke. Analowa m'matope ndi diresi yatsopano, kufukula ndi zala, akulira kuti agogo ali kuti. Atachipeza chofiira chija anachipukuta, n'kufunsa kuti nyumba yawo inali mbali iti ya msika. A Jadhav anagwada n'kumulozera.

Masiku ano mwana akafunsa za kwawo timangomupatsa foni akanikize mapu. Tauni iliyonse imatuluka yoyera, youma bwinobwino. Sindinaonepo mwana akulowamo kukapulumutsa agogo ake.