Paston wanga, mlonda woyang'ana kumwamba

Paston ndi mwana wanga wachiwiri, ndipo amene akufuna kumunyoza ayambe wadzera kwa ine. Sukulu analekezera Sitandade 8. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano akulondera nyumba ina ku Namiwawa, ya mpanda wautali moti mwezi umachita kusuzumira. Kugona n'koletsedwa, wailesi imasokoneza agalu a bwana. Ndiye munthu angatani? Anayamba kuyang'ana kumwamba, mpaka nyenyezi anazidziwa ngati anthu a mumpingo mwake: yofulumira, yochedwa, yojomba miyezi itatu.

Mwana wake Sellina ali Fomu 3 pasukulu ina yapulaiveti ku Chitawira. Ndi wanzeru, anatengera ine. Koma iye anauza anzake kuti bambo ake amagwira mu ofesi ku Ginnery Corner, ndipo Paston akamadutsa panjinga atavala yunifolomu, mtsikanayo maso amakhala pa nsapato. Paston ankadziwa. Ine zinkandiwawa mpaka m'mano.

Mu Okutobala aphunzitsi awo, a Godfrey, anaitana ana ndi makolo kubwalo la sukulu dzuwa litangolowa, akaone nyenyezi. Ine ndinapita, chitenje chatsopano. Magetsi anatichitira ulemu, anazima okha.

A Godfrey anali ndi pepala la pa intaneti, la nyenyezi zooneka kuzizira kukangotha. Anaiwala kufunsa kuti kuzizira kwa ndani. Linali la ku Ulaya, kumene kumatha mu Malichi. Tinafunafuna nyenyezi zisanu ndi ziwiri zooneka ngati chipande mpaka makosi kuuma.

"Ndi utsi uwu," anatero a Godfrey. "Anthu osaphunzira akuotcha tchire."

Apo n'kuti Paston ataima kumpanda ndi njinga, pa ulendo wa kuntchito, atabweretsa tochi yoti tiyendere pobwerera.

"Pepani aphunzitsi," anatero, chipewa chili m'manja. "Chipandecho mwachedwa nacho. Chimabwera mu Epulo, m'munsi, cha ku phiri la Ndirande uko. Pano chili pa holide."

Ana anaseka. Iye anawatembenuzira kumadzulo, nawaonetsa nyenyezi zooneka ngati chinkhanira chikutsika mutu pansi, mchira uli m'mwamba, kenaka Mlalang'amba. Anati nyenyezi za Nsangwe zituluka cha m'ma eyiti mbali ya ku Limbe, ndipo zikayamba kulawirira chotere, wadenga lodontha akonzeretu.

A Godfrey anapinda pepala lawo kanayi.

"Kodi bambo, munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pageti."

"Muli ndi mwana pano?"

Paston anayang'ana belu la njinga. Sanafune kumuyalutsa mwanayo. Ine ndinali nditakoka kale mpweya kuti ndiyankhe Chitawira yonse imve, koma ndinadzigwira, koyamba chibadwire. Sellina anali pambali panga, ndinkamva akupuma.

"Ndi adadi anga," anatero, mawu ang'onoang'ono. Kenaka mokweza: "Ndi alonda ku Namiwawa."

"Si unkati a mu ofesi iwe?" anafunsa mnzake wina wamilomo.

"Ofesi yake ndi imeneyo," ndinatero ine, ndikuloza kumwamba. "Yanu ili ndi denga lotere?"

Paston anafika kuntchito mochedwa tsikulo. Bwana anamukalipira kuti mlonda aziyang'ana geti, kumwamba kulibe akuba. Iye anavomera mwaulemu. Koma masiku ano akamadutsa pasukulu paja, belu amaliliza kawiri, ndipo dzanja la Sellina limakwera.