Khadi ndi Malata a Amayi

Titabwerera kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, tinapeza nyumba yathu ya ku Mongue ili makoma okhaokha, pabalaza patamera mpapaya. Bambo anatsalira tsidya lomwelo, m'manda. Amayi anadula mpapayawo, nafolera nyumba ndi udzu, n'kunena kuti udzuwo ndi wa chaka chimodzi chokha, malata akubwera.

Ine ndinakula, ndinaphunzira, mpaka ndinayamba kuphunzitsa ku Vila ya Milange, malata akubwerabe.

Sikuti amayi anali aulesi. Nandolo ankakolola wambiri, ndipo ogula ankabwera ndi sikelo mpaka pakhomo. Vuto lawo linali loti sankatha kunama, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezi monga umadziwira chitsime chosaphwa. Akagulitsa nandolo lero, mawa pakhonde padzaza anthu odzangowaona. Wina mwana amubweza kusukulu, wina njinga yathyoka foloko. Funso linali limodzi: "Kodi m'nyumbamu mulibe kangachepe?" Amayi ankausa moyo, n'kulowa kukamasula kansalu. Ine zinkandinyansa kwabasi, makamaka poona mvula ikudonthera pamphasa yawo pomwe ena mwa opemphawo ankagona pansi pa malata.

Banki itatsegulidwa ku Vila ndinawatengera kumeneko. Ndalama za nandolo zinalowa, iwo n'kutuluka ndi kakhadi kapulasitiki, kamene kwathu timati kartawu. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Ndiye nandolo wanga yense ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyo, amayi. Mukafuna mchere kapena sopo muzipita ku loja, sitolo ija ya pafupi ndi msika. Alowetsa kartawuyo m'makina, inu mudina manambala anu, basi."

Anazolowera msanga kuposa ine. Kamodzi pamwezi ankakwera njinga ya kabaza kupita ku Vila, n'kubwerako ndi mchere, sopo, mafuta ophikira ndi parafini, osakhudza ndalama ndi dzanja. Zokangana ndi wogulitsa za chenji zinatha, zomanga mfundo pachitenje zinathanso. Koma phindu lenileni linaonekera pakhonde. Munthu akafunsa funso lija, amayi ankamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "M'nyumba muno mulibe ngakhale khobidi." Zinali zoona, ndipo Lamulungu ankapita kutchalitchi mtima uli mbee. Odzawaona aja anayamba kutanganidwa ndi zina.

Patapita zokolola zingapo ndalama za malata zinakwana, ndipo mmisiri anadzayeza denga. Sabata yomweyo kunafika mayi wina wachilomwe wochokera cha ku Molumbo, fumbi lili mpaka m'mawondo. Mayi ameneyu ndiye anatidyetsa pa khadi lake la ufa titangofika ku kampu, maina athu asanalembedwe. Anakhala pamphasa, namwa madzi, n'kufotokoza kuti mwana wake wamkazi ali ndi pakati povuta, ndipo achipatala anena kuti apite naye kuchipatala chachikulu. Sanapemphe kanthu.

"Ndamva kale m'njira kuti m'nyumba muno simukhalanso ndalama, achemwali," anatero akudzuka. "Ndangoti mudziwe."

Ine ndinali pomwepo, ndipo chamumtima ndinkapempha Mulungu kuti amayi akhale chete. Kukhala chete si bodza, komanso palibe amene anawafunsa. Mayi uja anayenda mpaka kufika pamtengo wa mango.

"Achemwali," amayi anaitana. "M'nyumba mulibedi. Koma m'kartawu muli."

M'mawa mwake anapita onse awiri ku Vila kukatapa ndalama za kuchipatala. Ndinakwiya, ndipo mpaka lero sindidziwa bwinobwino kuti ndinakwiyira ndani. Zotsala m'khadimo zinagula malata okwana chipinda chimodzi. Mmisiri anawakhoma akung'ung'udza kuti nyumba ikuoneka ngati mutu wometa mbali imodzi, anthu azimuseka iyeyo.

Atamaliza ndinati ndiwathandize kusamutsira mphasa yawo m'chipinda chatsopanocho. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. M'menemo analowetsamo matumba a nandolo, kuti asanyowe, iwo n'kubwerera kukagona pansi pa udzu, beseni lili kumiyendo.