Mphiri ya Pachitsime cha Kudimba

Mwezi wa Okutobala kwathu ku Mlolo dzuwa limawotcha mpaka chinyontho chimatsala kudimba kokha, ndipo chilichonse chokwawa chimatsikira komweko. Chaka chimenecho mwamuna wanga anali ku Chipata kumaganyu, ine ndinatsala ndi mwana wathu wamkazi yemwe anali atangoyamba sukulu. Tinkathirira mpiru m'mawa uliwonse ndi madzi a pachitsime chomwe ndinakumba ndekha m'munsi mwa dimba.

Tsiku lina mwanayo anatsogola ndi kandowa kake. Ndinangomva kukuwa. Nditafika ndinaiona bwinobwino isanalowe m'udzu: yaifupi, yonenepa ngati mkono wanga, mutu wophwatalala, pamsana mizeremizere yofanana ndi masamba ouma. Mphiri. Ndinakulira m'madimba, ndimaidziwa. Njoka zina zikamva mgugu zimathawa, mamba imaimika mutu kuti uione, koma mphiri ndi yaulesi, imagona panjira pomwepo mpaka uiponde. Inamuluma pamwamba pa phazi, pafupi ndi zala.

Ndinamubereka kuthamanga naye. Tisanalowe m'mudzi tinakumana ndi mlongo wanga wamkulu, mwini mbumba yathu, amene mawu ake pa ana anga amalemera kuposa a bambo wawo. Anati ndimutsitse pansi pa mtengo wa mango, popeza wolumidwa ndi njoka salowa m'mudzi msanga, angakumane ndi munthu wotentha, bala n'kukula. Anachotsa mphira womangira katundu panjinga yake n'kumanga mwendo pansi pa bondo, kukoka mpaka mwana anadzikodzera. Kenaka anatuma munthu kukaitana mkulu wina wodziwa kutema mphini.

Anthu anadzaza. Aliyense anali ndi njoka yake. Wina amati ndi mamba, wina amati ndi songo, pomwe onsewo sanaione. Mlongo wanga anati mtundu wake ulibe ntchito, njoka yoluma mwana n'kusiya mayi ake ali pomwepo ndi yochita kutumidwa, ndipo jakisoni wa kuchipatala akakumana ndi zotumidwa amamaliza munthu.

Ine mtima unali kuwira. Ndili mtsikana ndinaona bambo wina wa mudzi woyandikana nafe atalumidwa ndi mphiri, namangidwa chonchi tsiku lathunthu. Mwendo unada bii, unanunkha, anakaudulira m'ntchafu. Ululu wa mphiri umaoletsa mnofu, ndiye ukaumangira malo amodzi umangodya pomwepo. Ndikuyang'ana phazi la mwana wanga likufufuma, zala zikutuwa, ndinadziwa kuti ndikakhala chete mwendo umenewu wapita.

"Achimwene, masulani mphirawo," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. "Iwe, mwanayu ndi wa mbumba yanga. Akakafera panjira udzayankha wekha."

"Ndidzayankha. Njokayo ndaiona ndine, inu simunaione."

Ndinali ndi mpeni wodulira mpiru m'chitenje. Ndinagwada n'kudula mphira uja anthu onse akuona. Azimayi ena anagwira pakamwa, wina anati ndapenga. Sindinapenge ayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mantha ndinali nawo, koma mkwiyo unaposa. Njinga inali itatsamira pamtengo paja, ya mlongo wanga yemweyo. Sindinapemphe. Ndinakhazika mwana pakaliyala, n'kumumanga kumsana kwanga ndi chitenje, n'kuyamba kupalasa. Palibe anandigwira, komanso palibe ananditsatira.

Njira ya ku boma ndi yaitali kwa munthu wonyamula mwana wobuula. Pamchenga ndinkatsika n'kukankha. Ndinkamulankhulitsa kuti asagone, kumufunsa mayina a anzake a kusukulu, iye n'kumayankha mawu akuchepera. Pachipatala cha ku Chadiza namwino anafunsa mtundu wa njoka. Ndinati mphiri, ndikufotokoza mutu ndi msana wake. Anamuika madzi a m'botolo pamkono, ndipo madzulo omwewo anatitumiza ku Chipata, kumene mwamuna wanga anatipeza.

Tinakhalako mpaka mvula yoyamba itagwa. Mwendo unatupa kufika m'bondo, khungu linasupuka, ndipo zala ziwiri zakumapeto zinakanika, anazidula. Ndinalira tsiku limenelo, sindibisa. Koma mwendo unatsala, ndipo potuluka mwana anayenda yekha kukakwera minibasi, akutsimphina.

Kumudzi tinapeza nkhani itapsa kale: mkazi wamwano, wodula chomanga mwini mbumba, wolanda njinga. Akuluakulu anati ndipepese ndi nkhuku. Njinga ndinabweza nditaikonzetsa, popeza inali ya eni. Nkhuku ndinakana, ndipo mpaka lero sindinapereke.

Mlongo wanga anabwera patapita masiku kudzaona mwana. Anakhala pakhonde, n'kuyang'anitsitsa phazi lija nthawi yaitali mwana akusewera pabwalo. Ndinaona kuti zamukhudza, pakuti amamukonda mphwake, koma pakamwa pa mwamuna wamkulu sipabwerera msanga. Anati ndikanamusiyira iye, bwenzi mwanayo ali ndi zala zake zonse.

"Zala ziwiri ndazisiya ku Chipata, achimwene," ndinamuyankha. "Mwendo ndi uwo akuthamangirawo."